Kachidutswa Kakang'ono, Khomo Lalikulu: Zoyenera Kudziwa pa Mausi Yopanda Waya

M'mashopu a zamagetsi a ku Limbe ndi ku Area 2 mu Lilongwe, malonda a mausi yopanda waya sachedwa. Wogulitsa amatsitsa paketi pa msomali, amang'amba pulasitiki, n'kutsegula kachivindikiro ka kumimba kwa mausiyo. Mkatimo mumatuluka kachidutswa kakuda kochepetsetsa, koti kakagwa pansi mpaka munthu agwade kuti akapeze. Amakasomeka m'mbali mwa laputopu, amaponyamo batire, amakankha kaswichi, ndipo posakhalitsa kamuvi kayamba kuthamanga pa sikirini. Wogula akaona kamuvi kakuyenda amakhutira, amawerenga ndalama, malonda atha.

Palibe amene wafunsa kuti kachidutswa kaja kamamvera ndani.

Funso limeneli ndilo mutu wa nkhani yonse ya mausi yopanda waya, koma ndilo limene limadumphidwa. Ambiri akamaganiza za kuopsa kwa chipangizochi amathamangira ku mafunde, poopa kuti angawadwalitse. Umboni umene ulipo ukuloza kwina. Ngozi zenizeni zili pa kachidutswa kosomeka pa kompyuta kaja, kamene timati karisiva, pa batire limene limaiwalidwa mkati miyezi yambirimbiri, ndi pa dzanja limene limagwira mausiyo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Zonsezi n'zopeweka, ndipo kuzipewa sikulira ndalama zambiri. Chofunika n'kuzindikira kuti mausi yopanda waya ndi wailesi yolumikizidwa ku kompyuta yanu, ndipo wailesi iliyonse imene imalandira malamulo iyenera kudziwika bwino kuti imawalandira kuchokera kwa yani.

Mausi yoyamba inali ndi waya, ndipo wayayo ankagwira ntchito ziwiri ngakhale kuti imodzi sinkaoneka. Douglas Engelbart wa ku Stanford Research Institute ku California ndiye anaiganizira, mnzake Bill English n'kuipanga mu 1964. Kanali kabokosi ka thabwa, ka batani limodzi ndi timawilo tiwiri kunsi. Pa 9 Disembala 1968 Engelbart anaionetsa kwa khamu la akatswiri mumzinda wa San Francisco, ndipo mu 1984 Macintosh ya kampani ya Apple inaifikitsa m'nyumba za anthu wamba. Ntchito yoyamba ya waya inali kunyamula uthenga. Yachiwiri inali kutsimikiza kuti uthengawo wachokera kwa amene wakhala pa desikipo, pakuti palibe akanalamula kompyuta osakhudza chinthu cholumikizidwa nayo. Kampani ya Logitech itapanga mausi ya infrared ya makompyuta a Metaphor mu 1984, kenako n'kutulutsa ina yoyendera mafunde a wailesi mu 1991, ntchito yoyamba ija inapezerwa njira ina. Yachiwiri inangotsala pang'ono kuiwalika.

Lero mausi zopanda waya zili m'magulu awiri. Za gulu loyamba zimabwera ndi karisiva kakekake ka USB, ndipo zimalankhulana ndi karisivako m'njira imene kampani yozipanga inakonza yokha. Za gulu lachiwiri zimayendera Bluetooth, imene ili kale m'malaputopu ambiri, choncho sizifuna kusomeka kanthu. Magulu onsewa amagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz, omwenso Wi-Fi imadutsamo. Pa paketi nthawi zambiri amalembapo kuti mausiyo imagwira pa mtunda wa mamita 10, ndipo ogula amaganiza kuti kupitirira pamenepo palibenso chochitika. Koma mamita 10 amenewo akunena za mphamvu ya mausi yanu, imene anaichepetsa dala kuti batire likhalitse. Karisiva sikasiya kumva pa mamita 10. Wina akabwera ndi wailesi yamphamvu ndi eriyo yabwino, kamamumva ali kuseri kwa khoma, pa malo oimika magalimoto kapena mu ofesi ya pafupi.

Mu Febuluwale 2016 Marc Newlin, wofufuza wa kampani ya ku America ya Bastille, anaonetsa kuti zimenezi zimachitikadi. Vuto limene anapeza, lotchedwa MouseJack, linakhudza zipangizo za makampani 7: AmazonBasics, Dell, Gigabyte, HP, Lenovo, Logitech ndi Microsoft. Ndi kachipangizo ka wailesi ka madola 15, munthu ankatha kutumiza malamulo ku karisiva ka mnzake ali pa mtunda wofika mamita 100. Gwero la vutoli linali maganizo ooneka ngati anzeru. Opanga anaona kuti zolembedwa pa kiyibodi n'zachinsinsi, ndiye ambiri anazibisa kuti womvetsera mobera asatolepo kanthu. Kuyenda kwa mausi anakusiya poyera, poganiza kuti palibe angapindule podziwa kuti kamuvi kapita kumanzere kapena kumanja. Chimene sanachiganizire n'chakuti karisiva kamodzimodziko kamalandira za mausi ndi za kiyibodi zomwe, ndipo turisiva tambiri tinkavomera zilembo zosabisidwa popanda kufunsa kumene zachokera. Wachiwembu ankangodzionetsa ngati mausi ya mwini kompyuta, kenako n'kuyamba kulemba ngati kiyibodi, ndipo kompyutayo inkakhulupirira.

Kulemba pa kompyuta ya munthu wina ndi mphamvu yaikulu kuposa mmene zimamvekera. Makina amalemba mofulumira kuposa zala, moti m'masekondi ochepa akhoza kutsegula windo lolamulira kompyuta, kulemba mzere wokopera pulogalamu yoipa pa intaneti, n'kutsekanso windolo mwiniwake atatembenuka kuyankha foni. Kwa kompyutayo palibe chachilendo, chifukwa zilembozo zadutsa pa njira imene mwiniwake amadutsa tsiku lililonse. Mu Julayi chaka chomwecho a Bastille anaululanso vuto lina lotchedwa KeySniffer: makiyibodi otchipa opanda waya a makampani 8 ankaulutsa chilembo chilichonse osabisa, kuphatikizapo mapasiwedi ndi manambala a makhadi a kubanki. Popeza mausi ndi kiyibodi kawirikawiri zimagulitsidwa m'paketi imodzi ndi karisiva kamodzi, nkhani ziwirizi sizingalekanitsidwe.

Wina anganene kuti 2016 ndi kale, makampani anakonza zimenezi. N'zoona kuti ena anakonza. Logitech inatulutsa firmware (pulogalamu ya mkati mwa chipangizo) yatsopano ya turisiva take ta Unifying, tija tokhala ndi chizindikiro cha nyenyezi pa mtundu wa lalanje, ndipo mu Epulo 2016 Microsoft inatulutsa zokonza za Windows zotchinga zilembo zachinyengo zodzera pa mausi zake zina. Koma kukonza kotereku kumathandiza yekhayo amene wakuika pa chipangizo chake, ndipo ndi ochepa amene amadziwa kuti karisiva kali ndi pulogalamu mkati mwake. Turisiva tambiri sitinapangidwe n'komwe moti n'kulandira pulogalamu yatsopano; tidzafa ndi vuto limene tinabadwa nalo. Mu 2019 wofufuza wina, Marcus Mengs, anapezanso mipata ina mu turisiva ta Unifying, ndipo mu 2021 Logitech inatulutsa mtundu watsopano wotchedwa Bolt wokhala ndi chitetezo chokhwima. Mausi ndi chinthu chokhalitsa. Kuno kwathu, kumene makompyuta ambiri amafika atagwirapo kale ntchito kwina ndipo mashopu adzaza ndi mausi zopanda dzina lodziwika, zipangizo zakale ndi zosakonzeka sizisowa pa madesiki. Chaka chimene vuto linapezeka chilibe kanthu ngati chipangizo cha vutolo chikadali chosomekedwa.

Chotsutsa chachiwiri n'champhamvu kuposa choyamba: ndani angavutike kudzaima pafupi ndi nyumba yanga ndi eriyo kuti alowe mu laputopu imene ndimaonerapo mafilimu? Apa tiyenera kunena chilungamo. Chiwembu cha mtundu uwu chimafuna kuti wochichita akhale pafupi, ndiponso kuti kompyutayo ikhale yoyaka ndi yosakhoma. Munthu wamba angaberedwe msanga ndi uthenga wabodza wa pa foni wonena kuti wapambana mphoto kusiyana ndi kudzera pa mausi. Koma kompyuta sizifanana kulemera. Ya kalaliki wokonza malipiro, ya msungichuma wa SACCO, ya kuchipatala yosunga mbiri ya odwala, ya kusukulu yosunga mayeso, zonsezi zili m'malo amene alendo amalowa ndi kukhala pa benchi tsiku lonse popanda wowafunsa. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo, koma lamulo limagwira wakuba zinthu zitatayika kale. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limaika udindo pa bungwe losunga mbiri ya anthu kuti liiteteze. Chitseko timakhoma usiku uliwonse ngakhale wakuba sanabwerepo, chifukwa kukhoma n'kotchipa ndipo chakudza sichiimba ng'oma.

Ena amati njira yachidule ndi kugula mausi ya Bluetooth basi. Iwo akulondola mbali imodzi: MouseJack sinakhudze Bluetooth, ndipo Bluetooth ili ndi malamulo odziwika a kulumikizana ndi kubisa uthenga amene akatswiri ambiri amawaunika. Kwa amene laputopu yake ili ndi Bluetooth, mausi yotere ndi chisankho chabwino, komanso imasiya bowo la USB kuti ligwire ntchito zina. Koma mu Disembala 2023 Marc Newlin yemweyo anaonetsa kuti kiyibodi yachinyengo inkatha kudzilumikiza pa Bluetooth popanda chilolezo cha mwini chipangizo pa Android, Linux, macOS ndi iOS. Kusiyana kwake n'kwakuti vuto limeneli linali mu pulogalamu yoyendetsa foni kapena kompyuta, choncho linatsekedwa ndi zokonza zimene zimabwera nthawi ndi nthawi. Ambiri timakana zokonzazi posunga bandulo. Amene amatero amasunga ndalama zochepa n'kusiya mpata umene anthu ena anavutika kale kuutseka.

Ndiye kuika mausi moyenera kumayambira pogula. Sankhani ya kampani imene ili ndi tsamba lake pa intaneti pamene mungapeze dzina la mausiyo ndi zokonza zake. Safunsa anadya phula. Mukafika nayo, ikani batire motsatira zizindikiro za + ndi -, ndipo ngati muli kapepala kotchinga batire kachotseni. Ngati ili ya karisiva, kasomekeni pa kompyuta, yatsani mausi, dikirani pang'ono kompyuta ikazindikire yokha. Musakope pulogalamu iliyonse pa matsamba osadziwika amene amalonjeza madalaivala aulere, chifukwa mausi wamba siifuna zimenezo ndipo matsamba otero ndi njira yodziwika yofalitsira mavairasi. Ngati ili ya Bluetooth, dinikizani kabatani kolumikizira mpaka kanyali kayambe kuphethira, tsegulani mbali ya Bluetooth pa kompyuta, n'kusankha dzina limene mukulidziwa kuti ndi la mausi yanu. Pempho lolumikiza limene simunaliyambitse nokha likaneni. Mukatha, pitani pa tsamba la kampaniyo muone ngati pali firmware yatsopano ya karisiva. Ndipo zolowerani kukhoma kompyuta mukamachoka pa desiki. Pa Windows ndi kudina batani la Windows pamodzi ndi L. Kompyuta yokhoma siipatsa wachiwembu poti alembe. Karisiva kamene simukukagwiritsa ntchito kazuleni, ndipo kotola kapena kopatsidwa ndi munthu wosamudziwa musakasomeke.

Mausi ikamadumphadumpha kapena kuima, ambiri amaiweruza kuti ndi yabodza n'kukagula ina, pamene vuto lili pa malo. Mu 2012 kampani ya Intel inafalitsa kafukufuku woonetsa kuti mabowo ndi mawaya a USB 3.0 amatulutsa phokoso la mafunde pafupi ndi 2.4 GHz, moti karisiva kakayandikana ndi fulashi kapena hadidisiki ya USB 3.0 kamavutika kumva. Mabowo amenewa kawirikawiri amakhala a buluu mkati. Kusamutsira karisiva ku bowo la mbali ina, kapena kukabweretsa pafupi ndi mausi ndi kawaya kowonjezera, kumathetsa vutoli. Kompyuta ya pa desiki imene bokosi lake lachitsulo lili pansi pa tebulo imatchinga mafunde ngati karisiva kali kumbuyo, kaikeni kutsogolo. Pamene mausi ikuyendapo naponso n'pofunika. Mausi za masiku ano zimaunika pansi ndi kujambula tizithunzi tambirimbiri pa sekondi kuti zidziwe kumene zikupita, choncho pa galasi kapena pa tebulo lonyezimira zambiri zimasokonezeka. Kampasa ka mausi, ngakhale pepala lolimba losanyezimira, n'kokwanira.

Nanga mafunde aja amene ambiri amawaopa? Mafunde a wailesi si amtundu wa X-ray. Alibe mphamvu yothyola tizigawo ta m'maselo a thupi. Zipangizo zambiri za Bluetooth za mtunda wa mamita 10 sizipitirira mamiliwati 2.5, pamene foni ya m'manja pa netiweki ya GSM imatha kufika mawati 2, omwe ndi mamiliwati 2,000. Mu 2011 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa bungwe la zaumoyo la WHO, linaika mafunde a wailesi m'gulu la 2B, la zinthu zimene umboni wake wokhudza khansa ndi wochepa ndipo ukufunika kufufuzidwabe. Nkhawa yaikulu pamenepo inali foni yogunditsa kumutu nthawi yaitali. Munthu amene amagona ndi foni pa pilo alibe chifukwa choopera mausi imene mphamvu yake ndi yochepa kwambiri chotero. Kuwala kwa pansi pa mausi za laser nakonso kumakhala m'gulu la Class 1, limene silivulaza pa kagwiritsidwe ntchito ka masiku onse, ngakhale kuti si kwanzeru kulola mwana kukuyang'anitsitsa kapena kuphwasula mausiyo.

Batire ndilo limawononga mausi zambiri mwakachetechete. Batire la AA kapena AAA likatha mphamvu n'kusiyidwa mkati limachucha. La alkaline limatulutsa potassium hydroxide, yosiya ufa woyera ikauma, imene imadya tizitsulo togunda batire ndipo imawotcha khungu ndi maso. Mukaona ufa wotero musaugwire ndi manja. Valani pulasitiki kapena magolovesi, pukutani, n'kusamba m'manja. Mausi imene simuigwiritsa ntchito kwa milungu ingapo ichotseni batire, ndipo ya mabatire awiri musaisakanizire latsopano ndi lakale. Mausi zotchaja zili ndi batire la lithium mkati: musazisiye padzuwa kapena m'galimoto yotsekedwa masana, ndipo ikayamba kutupa kapena kutentha potchaja, isiyeni. Batire lakutha si la pa moto wa zinyalala kuseri kwa nyumba, chifukwa limaphulika, ndiponso si choseweretsa ana. Karisiva nako n'koti mwana wokwawa akhoza kukameza. Malo ake ndi pa kompyuta kapena m'kachipinda kake mkati mwa mausi. Lipoti la Global E-waste Monitor la 2024 linati mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinalembedwa kuti zasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera ndi 22.3 peresenti yokha. Mausi iliyonse yotayidwa chifukwa cha batire lochucha kapena karisiva kosowa imawonjezera pa muluwo popanda chifukwa.

Ngozi imene imagwira anthu ambiri kuposa zonse ndi ya thupi, ndipo imabwera pang'onopang'ono. Dzanja lopindika pa mfundo tsiku lonse, chala chodina kosalekeza, ndi mkono wotambasukira kutali zimabweretsa dzanzi m'zala, kupweteka kwa mkono ndi kuuma kwa phewa. Apa mausi yopanda waya ili ndi mwayi weniweni, pakuti palibe waya woikakamiza kukhala pamalo amodzi. Iikeni pafupi ndi kiyibodi, chigongono chikhale pafupi ndi thupi, dzanja likhale lowongoka ndi mkono. Igwireni mopepuka, ndipo poyendetsa gwiritsani ntchito mkono wonse. Timausi tating'ono ta paulendo n'tabwino m'chikwama koma timafinyitsa zala tikagwiridwa maola ambiri; wa ntchito ya tsiku lonse asankhe yodzaza chikhatho. Liwiro la kamuvi limasinthika pa kompyuta, ndipo kulikweza pang'ono kumachepetsa mtunda umene dzanja likuyenda. Dzanzi likayamba kukudzutsani usiku, pitani kuchipatala msanga.

Pambuyo pa zonsezi wina angafunse kuti bwanji osangobwerera ku mausi ya waya. Pa madesiki ena yankho ndi lomwelo. Pa kauntala ya ndalama, mu ofesi ya malipiro, ndi pa kompyuta iliyonse imene siichoka pamalo pake, waya sapereka vuto lililonse, safuna batire, sasowa, ndipo samva mawu a munthu wa kuseri kwa khoma. Kumeneko mausi yopanda waya imabweretsa chiopsezo popanda phindu. Koma kwa mphunzitsi woonetsa phunziro ataima kutali ndi laputopu, kwa wophunzira wa ku yunivesite woyenda ndi chikwama, kapena kwa amene dzanja lake limafuna malo omasuka, phindu lake n'loonekeratu, ndipo chiopsezo chake chimachepa kwambiri akagula mwanzeru, akaika zokonza ndi kuzolowera kukhoma kompyuta. Chisankho chiyenera kutsatira kulemera kwa zimene zili mu kompyutayo.

Udindo waukulu uli ndi amene amagulira maofesi zipangizo. Bungwe la MACRA limayang'anira mafunde a wailesi m'dziko muno ndi kuvomereza zipangizo zoyendera mafundewo, koma silingafike pa desiki iliyonse. Mkulu wa ofesi, wa sukulu kapena wa chipatala akhoza kuchita zimene MACRA singachite: kuyendera madesiki ake, kulemba mausi ndi kiyibodi iliyonse yopanda waya, kuona imene ingalandire firmware yatsopano, ndi kuchotsa imene singalandire pa kompyuta zosunga ndalama ndi mbiri ya anthu. Ntchito imeneyi ndi ya m'mawa umodzi, ndipo mtengo wake ndi wa mausi zingapo za waya. Bungwe limene limalipira alonda pa geti ndi antivirus chaka ndi chaka lilibe chifukwa chomveka cholepherera kuichita sabata ikubwerayi.